Pamalo Pomwe Rinio Anagwera

"Kuseri kwa nyumba? Kumene kumakodza amphaka kuja?"

Matoula anatsitsa mphika wa mphodza patebulo mwaukali moti msuzi unadumphira pansalu. Apongozi ake, mayi Evdokia, anayamba adzilemba chizindikiro cha mtanda asanayankhe.

"Tsitsa mawu, mwanawe. Za Amayi Maria sitikambirana ngati tikutsatsana nsomba kudoko. Patsinde pa mtengo wa mandimu m'pabwino. Pali mthunzi, ndipo ine ndizitsika kukayatsa nyale popanda kuwoloka msewu."

"Kodi Rinio anagundidwira patsinde pa mandimu?"

"Matoula," anatero mwamuna wake Lefteris, maso ali m'mbale. "Mwana akumva."

"Amve. Mwendo wathyokawo ndi wake, si wako."

Rinio, mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi, anali gone pampando wautali wa pazenera, mwendo uli m'chikhakha kuyambira pabondo mpaka kuzala. Manja ankajambula, koma makutu anali kutebulo. Mlongo wake wakhanda, Thodoris, anali mtulo m'chikuku pafupi ndi chitseko.

Nkhani inali ya katchalitchi. Tsiku limene njinga yamoto inagunda Rinio pakona, mayi Evdokia anagwada pakhonde la chipatala n'kulonjeza kuti mwanayo akadzuka, adzaimika katchalitchi kakang'ono ka m'mbali mwa msewu, ka chithunzi cha Amayi Maria ndi nyale yamafuta m'kati, monga amachitira aliyense amene wake wafera kapena wapulumukira pamsewu. Mwana anadzukadi. Tsopano Babis, mwini sitolo ya zipatso ya pakona pomwepo, anali atanena kuti katchalitchiko agula ndi iye, bola kakaime kuseri.

"Munthu wachita chifundo," anatero mayi Evdokia. "Ndi amene anakhala mboni yanu n'kukugwirirani nkhata paukwati, ndi amene ananyamula Rinio paubatizo n'kukhala nono wake. Ndi kumbaro wanu ameneyo, si munthu wapadera. Kuchipatala analira ngati mwana, ndinamuona ndi maso angawa."

"Analira, m'mawa mwake lole inaima pomwe paja. Lero yaima pomwe paja. Mawa iima pomwe paja." Matoula anatembenukira mwamuna wake. "Kapena ndikunama, a dalaivala?"

Lefteris anasiya supuni.

"Ndiziyimika kuti? Tandiuza. Ndikuchokera kumsika waukulu ndi mabokosi odzaza lole, ndiziyimika padenga? Dziko lonse la Girisi limakweza matayala pakanjira ka oyenda pansi. Dokotala amakweza, mphunzitsi amakweza. Ndayamba ndine?"

"Dziko lonse la Girisi silinabereke Rinio. Unabereka ndiwe. Ine chikuku kutsogolo, mwana kudzanja ili. Lole yako yatseka kanjira konse, khoma uku, tayala uku, galu yemwe sangadutse. Mumsewu ndinatsikiramo chifukwa chokonda? Mnyamata wa njinga uja sakanationa, tinatulukira kuseri kwa lole yako. Iwe unali m'sitolo, ukusanja malalanje kuti aoneke bwino."

"Ndiye ukufuna chiyani? Ndidzimangirire?"

"Ndikufuna usunthe lole."

"Lole si yanga! Sitolo ndi ya Babis, lole ndi ya Babis, buledi ukudyayu..."

"Ndikudziwa kumene amachokera buledi. Ndikudziwanso kumene chachokera chikhakha."

Lefteris anakankha mpando, n'kutenga fodya wake, n'kutuluka. Mayi Evdokia anatsala akupukuta msuzi pansalu, akung'ung'udza kuti m'nyumba ya mwana wawo munalibe phokoso kale, ndipo mwamuna sathamangitsidwa patebulo. Matoula anatenga supuni. Anathira mphodza m'kambale, n'kukakhala pambali pa Rinio.

"Amayi, a nono Babis atichotsa ubatizo?"

"Ubatizo suchotsedwa. Tsegula pakamwa."

Matoula sanali munthu wa mapepala. Sukulu anaisiyira panjira n'kumakathandiza malemu bambo ake omwe anali mmisiri womanga nyumba, moti simenti ankaidziwa kuposa cholembera. Komabe sabata imeneyo anavala bwino, n'kukankha chikuku mpaka kukhonsolo ya mzinda. Ulendo wonse anayenda mumsewu, pakati pa galimoto, chifukwa kanjira kanali kodzaza: apa njinga zamoto, apo matebulo a malo omwera khofi, apo galimoto yokhala ngati yafera pomwepo. Mkulu wina wa muofesi anamumvetsera mwaulemu, n'kumuuza kuti msewu wawowo uli kale m'mapulani, adzazikamo mizati yachitsulo. Atafunsa kuti liti, mkuluyo anangotukula chibwano n'kutambasula manja. Matoula anathokoza, n'kubwerera mumsewu momwemo.

Lamulungu Babis anabwera ndi bokosi la makeke a uchi ndi chidole chachikulu kuposa Thodoris. Anali munthu wa mimba yotsogola, wa mawu odzaza nyumba, mikanda yake yoseweretsa ili khetekhete m'manja.

"Ali kuti mfumukazi yanga? Iwe Rinio, wandithawa? Taona chimene akubweretsera a nono ako! Kumbara Matoula, khofi wanga umamudziwa, shuga wambiri, moyo ndi wowawa kale."

Matoula anaphika khofi, n'kumuikira pamodzi ndi tambula ya madzi. Anadikira kuti amwe kaye.

"Kumbaro, ndili ndi pempho."

"Nena, ngakhale mtima wangawu ndikuchotsera."

"Mtima sungani. Lole isamakwere pakanjira."

Babis anaseka mpaka mikanda inagwera pansi.

"Lefteris, mkazi wakoyu timuike kukhonsolo, mzinda ukonzeka sabata imodzi! Tamvera kumbara, lole imaima kanthawi kochepa chabe. Kutsitsa katundu basi."

"Imaima nthawi imene ana akupita kusukulu. Imachoka anthu atadya chamasana."

"Nanga ndiiyike kuti? Kumalo oimikira a kumsika? Mabokosi a mbatata azibwera okha ndi miyendo? Ine msana unatha, mwamuna wakoyu nayenso si bulu. Zimene zinachitika zinandipweteka, Mulungu ndi mboni. Koma wolakwa ndi kamnyamata ka njinga koperekera anthu khofi kaja. Aja amayendetsa ngati akuthamangitsidwa ndi satana."

"Akanatiwona akanaima."

"Matoula," anatero Lefteris chapansipansi.

"Musiye anene, ndi mayi, mtima ukuwawa." Babis anatola mikanda yake. Kuseka kunali kutachepa. "Sitolo ija bambo anga anaitsegula iwe usanabadwe, kumbara. Bulu wawo ankaima pomwe paja, palibe anadandaula. Ine sindinakuonepo ukubweza mapichesi amene ndimakutumizira. Katchalitchi ndagula kale, kabwino, koyera ndi denga labuluu, osati timalata tadzimbiri timene amaika ena. Kabwera Lachitatu. Ndamuuza mwini galimoto yodzakabweretsa kuti amayi amusonyeza malo. Tiyatse nyale, tithokoze, nkhani ithe. Eti amayi?"

"Ithe ndithu, mwana wanga," anatero mayi Evdokia.

Matoula anatola makapu. Lefteris anapuma, poganiza kuti zatha.

Lolemba m'mawa akazi awiriwo anakhala kukhitchini akukulunga mpunga m'masamba a mpesa. Matoula anadikira mpaka apongozi ake atayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.

"Amayi, kuchipatala kuja munawauza chiyani Amayi Maria?"

"Zimenezo ndi za ine ndi iwo."

"Ndinali pambali panu. Munati, mundidzutsire mwanayu, ndikuimikirani nyumba pamalo pomwe wagwera."

Manja a mayi Evdokia anaima.

"Munthu akamalira amalankhula zambiri."

"Iwo mbali yawo anachita. Mwana uyo akuimba m'chipindamo. Tsopano inu mukufuna kuwapatsa malo a amphaka chifukwa Babis akufuna poimika lole?"

"Usandichimwitse, iwe."

"Sindikukuchimwitsani, ndikufunsa. Panjira ya kumudzi kwanu, pokhota pamene anagubuduzikira achimwene anu ndi thirakitala, katchalitchi kawo kali kuti? Kuseri kwa nyumba yanu?"

"Kali pokhota pomwepo. Kangakhalenso kuti?"

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa ndi pamenepo, ndiponso kuti odutsa aone, achepetse liwiro, adzilembe mtanda..." Mayi Evdokia anadukiza. Anayang'ana mpongozi wawo, kenako anaponya tsamba m'mbale. "Ndiwe njoka, ukudziwa? Mwana wanga amuchotsa ntchito."

"Mwina. Koma mwana wanga akubwerera kusukulu Lachinayi, ndi ndodo. Mumsewu sindimutsitsiramonso. Kaya mundithandize kaya ayi. Ine sindinalonjeze kanthu kwa wina aliyense, amene munalonjeza ndinu."

Anakulunga masamba mpaka mpunga unatha. Potsuka m'manja, mayi Evdokia analankhula akuyang'ana kumpopi.

"Ine sindinamve chilichonse. Koma katchalitchi kosadalitsa ndi chidole chabe, aliyense akhoza kukanyamula. Wansembe wathu, bambo Sotiris, ndikhoza kuwauza kuti adutse Lachitatu."

Lachitatu masitolo akatseka masana satsegulanso madzulo. Itakwana nthawi yopuma, msewu wonse unagona. Mazenera anatsekedwa, Babis anapita kwawo kukadya ndi kugona, Lefteris anakwera ndi lole kumidzi ya kuphiri kukasiya katundu m'malo odyera. Kunatsala agalu ndi dzuwa.

M'mphepete mwa kanjira, pakona penipeni, panali dzenje la dothi pamene kale panali mtengo wa malalanje owawa. Mtengowo unadulidwa chaka chimene Babis anagula lole yaikulu, ndipo tayala lakumbuyo linkakwerera pomwepo. Matoula anatsika ndi fosholo ya malemu bambo ake, ndowa, ndi zitsulo zimene anapempha pa nyumba ina imene inkamangidwa. Anakumba mpaka dzenje linamufika m'maondo. Anakhoma zitsulo, anakanda simenti pansi monga ankachitira ali mtsikana, yolimba, yosachuluka madzi. Mayi Evdokia anaima pamthunzi atanyamula Thodoris, maso ali uku ndi uku ngati munthu wolondera akuba.

Mwini galimoto atafika ndi katchalitchi, anasuzumira pazenera.

"Bwana Babis anati kuseri."

"Bwana Babis anati amayi akusonyezani malo," anatero Matoula. "Amayi ndi awa."

Mayi Evdokia analoza dzenje ndi chala.

Matoula ndi mwini galimoto anakatsitsa, kolemera ngati munthu wamkulu. Matoula anakakhazika pazitsulo, anathira simenti kuzungulira tsinde, n'kusalaza. Kenako anatenga chikuku n'kuchidutsitsa pakati pa katchalitchi ndi khoma la sitolo. Chinadutsa bwinobwino, malo n'kutsalako a munthu wa ndodo. Anabwereranso, n'kudutsanso. Lole yokha ndi imene inalibenso pokwerera.

Bambo Sotiris anafika maso ali ofiira ndi tulo. Kagalimoto kawo anakakweza matayala awiri pakanjira ka tsidya lina. Atatsika anapeza Matoula akukayang'anitsitsa.

"Kanthawi kochepa chabe, mwana wanga."

"Aliyense amatero, abambo."

Wansembeyo anatsokomola. Anayang'ana katchalitchi, anayang'ana chitseko cha sitolo, n'kukanda ndevu.

"Mayi Evdokia, pano si pamene pamaima lole ya Babis?"

"Pano ndi pamene anagwera mdzukulu wanga," anatero mayiwo. "Ndinalonjeza."

"Ngati munalonjeza, ine ndine yani?"

Anavala nsalu yawo yapakhosi, anaimba mapemphero mothamanga, anaviika kanthambi m'madzi odalitsa n'kuwaza katchalitchi, khoma, chikuku, ndi Matoula yemwe, amene anali simenti yokhayokha mpaka m'zigongono. Mayi Evdokia anaika chithunzi m'kati, anathira mafuta a azitona m'kagalasi, n'kuyatsa nyale. Zenera limodzi la m'mwamba linatseguka, kenako lina. Mayi wina wa tsidya lina anadzilemba mtanda, n'kuseka atatseka pakamwa.

Lefteris anafika dzuwa litapendeka, wapansi, lole ataisiya kubwalo la Babis monga mwa masiku onse. Sanavule ngakhale nsapato.

"Wachita chiyani?"

"Ndathandiza amayi ako kukwaniritsa lonjezo."

"Usandiseweretse! Ukudziwa zimene wachita. Mawa ndifika ndi lole yodzaza, ndikaima pati?"

"Pamene amaima magalimoto. Mumsewu."

"Msewu ndi wa galimoto imodzi! Ndikaima ndatseka mzinda wonse!"

"Ndiye mzinda udikire. Ife takhala tikudikira."

"Amayi, inunso? Munaima pomwepo n'kumaonerera?"

Mayi Evdokia anali pakhonde lam'mwamba, atafulatira, akuthirira maluwa amene anali atathiriridwa kale.

"Ine ndi Amayi Maria tilibenso mangawa," anatero. "Zotsalazo kambiranani eni ake."

Lefteris anakhala pansi, mutu uli m'manja. Atalankhulanso, ukali unali utatha, kunatsala mantha okha.

"Babis ananditola ndilibe kanthu, Matoula. Ntchito kulibe kunjaku. Anzanga onse ali ku Jeremani. Ukufuna nanenso ndizikuonani pafoni?"

Matoula anakhala pambali pake.

"Kuyambira tsiku lija sunadutsepo pakona paja ndi mwana. Umatuluka kusanache, umabwera madzulo. Mawa ife tidutsa nthawi ya sukulu. Udzatione."

M'mawa mwake Babis anafika kudzatsegula sitolo, n'kuima chilili, makiyi ali m'manja. Anazungulira katchalitchi. Anakagwira denga n'kuyesa kukagwedeza. Sikanasunthe. Madoda a pamalo omwera khofi a tsidya lina anatembenuza mipando yawo kuti aone bwino.

"Mwadzuka, Babis!" anakuwa mmodzi, Anestis, amene kale anali woyendetsa sitima zapamadzi. "Wapeza woyandikana naye watsopano! Ameneyo sakongola tomato, usadandaule!"

Babis sanaseke. Nthawi yomweyo lole inatulukira, yodzaza mpaka pamwamba, ndipo Matoula naye anatuluka pakhomo la nyumba yawo, chikuku kutsogolo, Rinio pambali akudumphira pandodo zake, mayi Evdokia kumbuyo ndi kabotolo ka mafuta.

"Kumbara!" anakuwa Babis. "Chimenechi n'chiyani? Ndalama zanga zomwe, n'kundimangira nazo pakhomo?"

"Zikomo kwambiri, kumbaro. N'kokongoladi. Denga labuluu monga munanenera."

"Ndinati kuseri!"

"Mwana wanu wa ubatizo sanagwere kuseri."

"Ndikakusumirani kukhonsolo! Kumanga pamsewu popanda chilolezo!"

"Kasumeni. Abwere. Ndikufuna ndimuone amene adzakazule ndi manja ake. Akabwera ndidzawasonyezanso pamene panali mtengo."

Lole inali itaima pakati pamsewu, injini ikulira. Kumbuyo kwake takisi inaliza hutala, kenako galimoto ina, kenako basi. Babis anathamangira kuzenera la dalaivala.

"Lefteris, bwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Simenti ya dzulo sinagwire. Ukangokakhudza ndi chitsulo chakumbuyo kapendekeka, tikanyamula bwinobwino, tikakaika kuseri mwaulemu. Amayi Maria amvetsa, nawonso anali ndi banja lofuna kudya."

Matoula anamva. Anapereka chikuku kwa apongozi ake, n'kukaima kutsogolo kwa katchalitchi, manja ali m'chiuno. Mapazi anawaponda pansi zolimba. Pagalasi la m'mbali mwa lole ankaona nkhope ya mwamuna wake. Maso a Lefteris sanali pa iye. Anali pa Rinio, amene ankabwera pang'onopang'ono m'kanjira, ndodo, phazi, ndodo, phazi, lilime lili kunja chifukwa cha khama.

"Bwerera, iwe! Wagontha?"

Lole inanjenjemera, nyale zakumbuyo zinayaka. Kenako injini inazima.

Lefteris anatsika. Anatsegula kumbuyo, anasenza bokosi la mbatata, n'kudutsa nalo pambali pa mkazi wake osamuyang'ana, n'kukaliika pakhomo la sitolo. Anabwerera kukatenga lina.

"Ukuchita chiyani? Watseka msewu! Apolisi andilipiritsa!"

"Abwera msanga lero, muona," anatero Matoula. "Galimoto zikaima amathamanga."

Mahutala anali atadzaza msewu wonse. Wa takisi anatulutsa mutu n'kutukwana lole, mwini wake ndi makolo ake. Babis anafiira mpaka m'khosi. Anamugwira Lefteris pamkono.

"Ndinakugwirira nkhata. Ndinakunyamulira mwana kutchalitchi. Lero ukundichititsa manyazi pamaso pa msewu wonse chifukwa cha mkazi? Bweretsa makiyi. Kwanga wathera pano."

Lefteris anatsitsa bokosi. Anapisa m'thumba, n'kumuika makiyi m'manja.

"Ndi awo, kumbaro. Kagundeni nokha."

Babis anakwera, mpando n'kulira. Analiza injini mwaukali, n'kulowetsa giya yobwerera. Matoula sanasunthe. Mayi Evdokia, ngati kuti palibe chimene chikuchitika, anatsegula kachitseko kagalasi, n'kuyamba kuwonjezera mafuta m'nyale. Madoda a khofi anali ataimirira onse. Pamakonde am'mwamba panali akazi ovala zogonera, wina ndi mwana kudzanja, wina ndi foni m'mwamba.

Lole inabwerera pang'ono. Inaima. Inabwereranso pang'ono, mpaka utsi wake unamuwomba Matoula m'miyendo.

"A nono!" anaitana Rinio, amene anali atafika pakati pa khoma ndi katchalitchi. "Taonani, ndikuyenda ndekha!"

"Gunda, Babis!" anakuwa Anestis. "Tikaone kuti Lamulungu ukalowa bwanji m'tchalitchi!"

Lole inakhala choncho, ikulira, osapita kutsogolo, osapita kumbuyo. Kenako Babis anamenya chiwongolero ndi manja onse awiri, n'kuzimitsa. Anatsika thukuta lili kamukamu. Sanayang'ane Matoula, sanayang'ane katchalitchi. Ukali wonse anakautula pa wa takisi.

"Ukulizira chiyani iwe? Amayi ako akubereka? Dikira! Sukuona katundu?"

Anasenza yekha bokosi la anyezi, akubuula, n'kulowa nalo m'sitolo. Potuluka analankhula akuyang'ana pansi.

"M'nyumba mwanu sindidzapondamonso. Mumve."

"Tamva," anatero Matoula.

Anatenga chikuku kwa apongozi ake. Banja lonse linadutsa pakona, m'kanjira, mahutala akulirabe kumbuyo kwawo. Lefteris ankayenda pambuyo, manja ali lende, ngati sakudziwa kuti awaike pati.

"Ndiye tidya chiyani?" anafunsa atapitako pang'ono.

"Lero kuli nyemba. Mawa ukafunsa kumsika waukulu, onse amakudziwa. Akakana, ine manja ndili nawo, panyumba akumanga paja akufuna wokanda simenti. Tanyamula chikwama cha mwana, sukuona kuti chikumulemera?"

Lefteris anachotsa chikwama kumsana kwa Rinio n'kuchikoleka paphewa. Anayenda bwino mpaka pakona yotsatira, pasitolo yamankhwala. Pamenepo galimoto yakuda yonyezimira inali itagona pakanjira ponse, mphuno ili kukhoma. Rinio anaima, n'kuyang'ana amayi ake, n'kuyang'ana msewu.

"Usatsike," anatero Matoula.

Lefteris anayang'ana galimotoyo ngati akuiona koyamba, ngakhale inkaima pomwepo tsiku lililonse. Anapita kukagogoda pagalasi la sitolo ndi chibakera.

"Ya ndani iyi? Atuluke!"

Matoula anali akuyang'ana pansi, m'mphepete mwa kanjira, akuyesa m'lifupi ndi phazi.

"Amayi, pakona pano palibe amene anagwerapo?"

"Iwe, usandiyambe," anatero mayi Evdokia. "Ine ndinalonjeza kamodzi."

"Sindikunena inu. Amuna a mayi Fotini aja, njinga siinawagunde pano chaka chatha?"

"Anathyoka chiuno, inde. Nanga bwanji?"

"Mukawaone madzulo ano, muwatengereko makeke aja. Muwafunse ngati anathokoza Amayi Maria. Simenti yatsala theka la thumba."